Kagalu Kadwala Kasanafike Pakhomo: Mukatenge Kapena Mudikire?

Khola mwamanga kale, mbale ziwiri mwagula, ndipo ana atha sabata yonse akulimbirana dzina. Ndiye Lachisanu madzulo, mawa lake lili tsiku lokatenga kagalu, foni yalira. Mwini agalu uja akuti kagalu kanu sikanadye kuyambira m'mawa, kasanza kawiri, bola mudikire kaye. Zikatere ena amagwidwa chisoni, ena mtima umathamangira kwina: kapena pabwera wina wa ndalama zambiri? Nawa mafunso amene anthu amafunsa nkhani ikafika pamenepa.

Kodi kudwala pang'ono n'chifukwa chokwanira chosinthira tsiku?

Inde, n'chokwanira. Vuto lili pa mawu akuti "pang'ono". Matenda oopsa kwambiri a tiagalu tsiku loyamba amaoneka ngati palibe kanthu: kagalu kamangokhala phee pakona, kununkhiza chakudya n'kuchisiya. Ngakhale dokotala wa ziweto sangadziwe ndi maso okha ngati kumeneko n'kudzimbidwa chabe kapena chiyambi cha parvo. Komanso kagalu ka masabata 8 kalibe nkhokwe m'thupi. Galu wamkulu akatsegula m'mimba amagona pamthunzi tsiku limodzi, mawa n'kudzuka. Kagalu madzi amakathera msanga, shuga amatsika, ndipo usiku umodzi wokha kangathe kufookeratu. Onjezanipo za tsiku losamukalo: kasiyana ndi make ndi abale ake, kakwera galimoto kapena minibasi koyamba, kafika pa fungo lachilendo, chakudya china, madzi ena. Mantha oterewa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, n'chifukwa chake tizilombo ta m'matumbo monga coccidia, timene tinangokhala chete, timakonda kuonekera masiku oyamba pakhomo patsopano. Kagalu kathanzi kamapirira zonsezi. Kodwala kale n'kukasenzetsa katundu wachiwiri.

Ndi zizindikiro ziti zimene zikusonyeza kuti kasachoke kaye?

Kusanza, kutsegula m'mimba makamaka kwa magazi, kukana chakudya kangapo motsatizana, kutsokomola, mamina, manthongo, kuyoyoka kwa ubweya, mimba yotupa pamene nthiti zikuwerengeka. Pali zinanso zimene mungaone ndi manja anu mukapita kukakaona. Tukulani mlomo wa pamwamba muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino ndi zonyowa. Zikakhala zoyera mbuu ndiye kuti magazi achepa, ndipo kawirikawiri akhala akumwedwa ndi njoka za m'mimba kapena kagalu kagwidwa ndi matenda a nkhupakupa. Tsinani chikopa cha kumbuyo kwa khosi n'kuchisiya: chikabwerera nthawi yomweyo zili bwino, chikatsala chili chiimire madzi atha m'thupi. Kutentha kwabwino kwa galu ndi madigiri 38 mpaka 39.2, choncho musadabwe kuti kakufunda kuposa mwana wa munthu. Zija amati mphuno ikakhala yozizira ndi yonyowa galu ali bwino, ikauma wadwala, zisiyeni. Galu wongodzuka kumene mphuno imakhala youma, ndipo kagalu ka parvo kakhoza kukhala ndi mphuno yozizira bwinobwino.

Parvo amene amatchulidwa kwambiriyu n'chiyani?

Ndi vairasi imene inadziwika pakati pa agalu cha m'ma 1978, ndipo m'zaka zochepa chabe inali itafika dziko lililonse. Imakonda tiagalu ta pakati pa masabata 6 ndi miyezi 6. Ikalowa imawononga khungu la mkati mwa matumbo, imawononganso mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa asilikali a m'magazi. Ndiye kagalu kamataya madzi kukamwa ndi kumbuyo komwe, pamene tizilombo tina tikulowa m'magazi popanda wotiletsa. Aliyense amene anasamalirapo kagalu ka parvo saiwala fungo la chimbudzi chake, lamagazi, longa chitsulo chadzimbiri, limene limakakamira m'zovala. Popanda chithandizo, pafupifupi tiagalu 9 pa 10 aliwonse timafa. Tikathandizidwa msanga ndi diripi, mankhwala oletsa kusanza ndi maantibayotiki, tambiri timachira. Maantibayotikiwo sapha vairasiyo, amangotchinga tizilombo tina tija pamene thupi likumenya nkhondo yake. Mitundu ina monga Rottweiler, Doberman ndi German Shepherd imadwala moipa kuposa inzake, koma agalu athu achikuda nawonso amafa nayo. Mawu akuti "galu wachikuda sadwala" aphetsa tiagalu tambiri.

Parvo wadanitsanso anthu oyandikana nyumba. Kagalu kamene dzana kamasewera kakafa kakusanza ndi kutsegula magazi, mwini wake amathamangira kunena kuti aneba athira poizoni wa tameki. Koma tameki sachedwa: mphindi zochepa kapena maola angapo galu amakhala akutuluka dovu, minofu ikunjenjemera, akuphupha. Parvo amayenda ndi masiku, ndipo nthawi zambiri amalowa pageti ndi nsapato za mwini nyumba yemweyo.

Ndidikire masiku angati?

Zimatengera matendawo, koma lamulo n'limodzi: kuwerenga kumayamba tsiku limene kagalu kachira, osati limene kanayamba kudwala. Kagalu kochira parvo kamapitiriza kutulutsa vairasi m'chimbudzi kwa masiku pafupifupi 10, choncho masabata 2 ndi muyezo wabwino, ndipo kasambitsidwe kasananyamuke chifukwa vairasi imatsalira mu ubweya. Ngati wodwalayo ndi m'bale wake, kanu kakuoneka bwino, musanyengedwe. Parvo amabisala masiku 3 mpaka 7, nthawi zina mpaka 14, ndipo kagalu kamayamba kufalitsa kasanaonetse chizindikiro chilichonse. Werengani masiku 14 kuchokera pamene kanalekanitsidwa ndi m'bale wake wodwalayo. Chifuwa chopatsirana cha agalu, chija galu amatsokomola ngati watsamwa ndi fupa, chimatenga sabata imodzi mpaka 3. Dikirani chitheretu, ndipo ngati pakhomo pali agalu ena muonjezereko masiku. Njoka za m'mimba ndi nkhani yaifupi: mankhwala, masiku ochepa, bola nkhama zibwerere mtundu wake ndipo kagalu kazidya. Tizilombo ta m'matumbo monga giardia ndi coccidia timafuna kuti mankhwala amalizidwe ndipo chimbudzi chilimbe.

Amene amavuta kuwerengera ndi distemper. Amayamba ndi kutentha thupi, mamina okhuthala, manthongo ndi chifuwa, kagalu n'kuoneka ngati kachira, kenako patapita masabata n'kuyamba kugwedeza nsagwada ngati kakutafuna chingamu, kunjenjemera miyendo kapena kugwa ngati khunyu. Kamafalitsanso matendawo kwa masabata ambiri. Mukamva dzina limeneli, funso silikhalanso la tsiku. Khalani pansi ndi adokotala muone ngati muli okonzeka kulera galu amene mwina adzakhala ndi chilema moyo wake wonse.

Koma akuti kanabayidwa kale katemera. Kadwala bwanji?

Jakisoni mmodzi sakwanira. Kagalu kamalandira chitetezo kuchokera ku mkaka woyamba wa make, ndipo chitetezo chobwerekacho chimatha pang'onopang'ono. Chovuta n'chakuti pali masabata angapo pamene chimakhala chochepa moti sichingatchinge matenda, komabe chokwanira kulepheretsa katemera kugwira ntchito. Nthawi imeneyi imasiyana ngakhale pakati pa tiagalu ta mimba imodzi. N'chifukwa chake katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakapita masabata 2 mpaka 4, kufikira kagalu katakwanitsa masabata 16. Kamene kabayidwa kamodzi kali pakati pa ulendo.

Funsaninso kuti anali katemera wanji. Anthu ambiri akamati "anabayidwa" amanena katemera waulere wa chiwewe, ngati uja bungwe la Mission Rabies lakhala likupereka mumzinda wa Blantyre kuyambira 2015, kapena wa alangizi a ziweto a boma. Ndi katemera wofunika kwambiri, wapulumutsa ana ambiri, koma amateteza ku chiwewe chokha. Wa parvo ndi distemper ndi wina, wolipira, ndipo ayenera kusungidwa mufiriji. Botolo limene latha tsiku lonse m'thumba la munthu padzuwa la Okutobala n'chimodzimodzi madzi. Ndiponso katemera si mankhwala ochiza. Kubaya kagalu kodwala kale sikukachiritsa, ndipo madokotala amadikira kachire kaye.

Bwanji ndingokatenga n'kudzakasamalira ndekha kunyumba?

Ine ndinachitapo zimenezi, ndipo sindingakulangizeni. Ndinauzidwa kuti kagalu sikakudya bwino, koma ndinali nditalipira kale ndipo ana anali atandipanikiza. Ndinakaika m'katoni, pansi nditayala chitenje chakale. M'njira kanangogona, ine n'kumati n'kofatsa. Usiku kanasanza thovu lachikasu pakhonde, m'mawa kanayenda pang'ono pa kapinga, kenako kanakagona pansi pa mpopi, pozizira, mutu uli pafupi ndi madzi amene sikamatha kumwa. Tsiku lachitatu ndi pamene ndinathamangira kwa adokotala, ndipo lachinayi kanafa. Chimene sindinadziwe n'chakuti masiku atatu amenewo ndinali nditafesa vairasi pabwalo langa lonse, ndipo ndinayenera kudikira nthawi yaitali ndisanabweretse kena.

Ndiye yankho n'lakuti: ngati kumene kaliko kakuonedwa ndi dokotala, kali paukhondo ndipo pali munthu wokayang'anira, kasiyeni komweko. Ngati mwaona kuti mwini wake sakuchitapo kanthu, ndipo mtima sukukulolani kukasiya, katengeni koma ulendo wake ukhale wa kuchipatala cha ziweto, osati kunyumba. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, kuphatikizapo madokotala ena oyima paokha ndi maofesi a zaziweto m'maboma. Chimene musachite n'kutsegula kabati ya mankhwala a anthu. Brufen amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu, Panado wochuluka amawononga chiwindi, ndipo pa kagalu ka makilogalamu 2 "theka la piritsi" n'lochuluka kale. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri amauona ngati chakudya cha odwala, umangoonjezera kutsegula m'mimba. Oyilo wakale wa galimoto pa mphere ndi poizoni amene kagalu kadzanyambita.

Tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa msewu, tija anyamata amatitukula m'mwamba galimoto zikamadutsa, ndi nkhani ina. Nthawi zambiri timakhala titachotsedwa kwa make tisanakwane, tathera tsiku padzuwa, ndipo palibe amene angakuuzeni mbiri yake. Kugula chifukwa cha chisoni kumapulumutsa kamodzi, mawa pamalo pomwepo n'kubwera tina tiwiri.

Kakachedwa kubwera, kodi kadzandizolowera? Si paja amati galu umayamba naye ali wamng'ono?

Apa ndi pamene pali nkhawa ya anthu ambiri, ndipo ili ndi maziko ake, kungoti imamvedwa molakwika. Akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, anatha zaka zambiri akufufuza makulidwe a tiagalu ku Bar Harbor, m'dera la Maine ku America, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1965. Anaonetsa kuti pali nyengo, kuyambira cha pa masabata 3 mpaka cha pa masabata 12, imene kagalu kamaphunzira mosavuta kuti anthu, agalu anzake ndi phokoso la pakhomo si zoopsa. Kagalu kamene kadutsa nyengo imeneyi osagwidwapo ndi munthu kamakula kamantha. Koma chofunika n'chakuti kakhale ndi anthu, osati kuti akhale inuyo basi. Kagalu kamene kakunyamulidwa, kulankhulidwa ndi kuseweretsedwa kwa mwini wake woyamba kadzakukondani bwinobwino kakafika pa masabata 10 kapena 12. Agalu akuluakulu amene asintha mbuye amazolowera, nanji kagalu.

Choopsa chenicheni chili mbali inayo, kutenga kagalu msanga. Anthu ambiri amachotsa tiagalu pa masabata 4 kapena 5, tikangoyamba kunyambita phala, poopa kuti wina awatsogolera. Masabata otsatirawo ndi amene kagalu kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma kuli ndi malire: kakaluma kwambiri mnzake amalira n'kusiya masewera. Ku England malamulo amaletsa kugulitsa kagalu kosakwana masabata 8. Komabe kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake ngati kagalu kangotsekeredwa m'khola kokha mwezi wathunthu, kumangoponyeredwa chakudya. Pemphani mwini wake kuti azikanyamula tsiku lililonse, kazimva wailesi, ndiwo zikukazingidwa, ana akusewera. Mukhozanso kutumiza malaya anu akale osachapa kuti kazigonapo. Ngati matendawo ndi parvo, malayawo asabwererenso kwanu, ndipo mukapita kukakaona, nsapato zanu zitsukidwe ndi Jik musanalowe pageti.

Ndingadziwe bwanji kuti mwini wakeyo sakundinamiza?

Kunena zoona, munthu amene wakuimbirani yekha kuti kagalu kadwala nthawi zambiri ndi wachilungamo. Wachinyengo amafuna kagalu kodwala kachoke m'manja mwake msanga kuti kakafere kwa inu. Komabe kufunsa si kunyoza. Funsani dzina la matendawo, amene anakayeza, ndi mankhwala amene kakulandira. Pemphani chithunzi cha khadi la katemera. Khadi lenileni limakhala ndi masiku, siginecha ndi timapepala tomatulidwa pa botolo la katemera. Pemphani kuyimbirana pa WhatsApp mukuonana, muone kagalu kakuyenda ndi kudya, osati chithunzi chimene chingakhale cha sabata yatha. Ndipo gwirizanani molemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni: tsiku latsopano ndi liti, wolipira chithandizo ndani, nanga kakafa ndalama ya chikole ibwerera kapena mudzapatsidwa kena. Mwachilungamo, kagalu kakadwala kadakali m'manja mwa wogulitsa, chithandizo ndi chake. Muchenjere ndi munthu amene simunaonanepo naye, kagalu simunakaonepo ndi maso, koma sabata iliyonse akufuna ndalama ina ya "mankhwala" pa foni. Nthawi zambiri kumeneko kulibe galu.

Nanga ngati matendawo ali kwathu kuno, osati kwa kagaluko?

Ngati galu wanu wamkulu akutsokomola, akusanza kapena akutsegula m'mimba, dikirani achire, ndipo onani ngati katemera wake ali m'nthawi yake. Ngati pakhomo panafa galu ndi parvo, nkhani ndi yaitali. Vairasi imeneyi ndi yolimba modabwitsa: m'dothi, makamaka pamthunzi ndi ponyowa, imakhala miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka. Sopo ndi Dettol siziigonjetsa. Pa simenti, mbale ndi khola, chotsani kaye zonyansa zonse, kenako thirani Jik wosungunula n'kumusiya mphindi 10 musanatsukuluze. Onani mphamvu yake pabotolo: wa 5 peresenti ndi kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, wa 3.5 peresenti ndi kapu imodzi m'makapu 20. Dothi ndi kapinga sizitsukika. Njira yodalirika ndi kubweretsa kagalu kamene kamaliza katemera yense, patapita sabata imodzi kapena 2 chibayidwire jakisoni womaliza.

Wodwala akakhala munthu, malungo anu kagalu simungakapatsire, ndipo parvo ndi distemper sagwira anthu. Nkhani ndi ya mphamvu. Kagalu katsopano kamadya katatu kapena kanayi pa tsiku, kamafuna kutulutsidwa panja pafupipafupi, ndipo masiku oyamba kamalira usiku wonse. Ngati mwangotuluka kumene m'chipatala ndipo palibe wina wokuthandizani, sabata imodzi yodikira ikomera nonse awiri. Pakhomo pakakhala mayi woyembekezera, mwana wokwawa kapena munthu amene chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka, musalandire kagalu kotsegula m'mimba kapena ka zipere. Zipere zimagwira anthu, tizilombo monga Campylobacter timachokera m'chimbudzi cha kagalu, ndipo mazira a njoka za m'mimba amatsalira m'dothi momwe mwana amaseweramo n'kuika zala kukamwa.

Kodi kagalu kakang'ono kangakhale ndi chiwewe?

Kangathe, ndipo anthu amakanyalanyaza chifukwa kuluma kwa kagalu kumaoneka ngati masewera. Mukamva kuti kagalu kapena make analumidwa ndi galu wosadziwika, kapena kasintha khalidwe mwadzidzidzi, kakutuluka dovu, kakulephera kumeza kapena miyendo yafooka, imeneyo si nkhani yosuntha tsiku. Dziwitsani a zaziweto, ndipo ana asakagwire. Chiwewe chimabisala masabata kapena miyezi, ndipo zizindikiro zikaoneka sichichizika, kwa galu ngakhale kwa munthu. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Kachira, tsiku lafika. Ndichitenso chiyani?

Tengani khadi la katemera, mayina a mankhwala amene kanalandira, ndi tsiku limene kanamwa komaliza mankhwala a njoka za m'mimba. Pemphani chakudya chimene kamadya kumeneko, chokwanira masiku angapo. Matumbo amene angochira kumene safuna kusinthidwa mwadzidzidzi, choncho chakudya chanu muzisakaniza pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Pasanathe masiku 2 kapena 3, kaonetseni kwa dokotala wanu, ngakhale kakuoneka bwino. Masabata 2 oyamba kakhale ndi malo ake, mbale zake, kutali ndi agalu ena, ndipo ana auzidwe kuti kagalu kakagona asakadzutse. Anzanu a agalu amene akufuna kudzaona mlendoyo adikire, ndipo kagalu kasapondenso msewu, msika kapena bwalo lamasewera kufikira katabayidwa jakisoni wa pa masabata 16. Musanachoke kwa adokotala, lembani tsiku la jakisoni wotsatira pa kalendala ya kukhitchini, pamene aliyense wa pakhomo azidzaliona.